Masikuluwu 47 amene sanalembedwe: lipoti la ngozi ya ndege ya Continental Express 2574

Pa 11 Sepitembala 1991, itangopitirira 10 koloko m'mawa, ndege ya mtundu wa Embraer EMB 120 Brasilia inathyokathyoka ili m'mwamba n'kugwera m'munda pafupi ndi tauni ya Eagle Lake ku Texas, m'dziko la America. Inali pa ulendo nambala 2574 wa Continental Express, ikuchokera ku Laredo kubwerera ku Houston. Anthu onse 14 amene anali m'ndegemo anafera pomwepo: apaulendo 11, oyendetsa awiri ndi wothandiza apaulendo mmodzi. Kunja kunacha bwino, injini zonse ziwiri zinali kugwira ntchito, ndipo oyendetsawo sanalakwitse kanthu. Bungwe lofufuza za ngozi la NTSB litatolera zidutswa, linaona kuti chiwalo chimodzi cha kumchira sichinagwere pamodzi ndi zinzake. Chitapezeka, mabowo ake a mzere wa pamwamba analibe masikuluwu, komanso sanali ong'ambika. Masikuluwu 47 sanachite kuzulidwa ndi mphepo. Munthu anawamasula ndi dzanja usiku wa dzulo lake, ndipo palibe amene anawabwezera.

Nkhaniyi ndimaigwiritsa ntchito pophunzitsa akapitawo ndi mainsipekitala atsopano, chifukwa mulibe munthu woipa mtima kapena woledzera amene tingamuloze chala n'kupuma. Aliyense usiku umenewo ananena zimene ankaziona kuti n'zoona. Chimene chinapha anthu n'chakuti ntchito inayambidwa koma sinalembedwe, ndipo pamaso inkaoneka ngati sinayambidwe n'komwe. Zimene ndikufotokoza pa za usikuwo zachokera m'lipoti la NTSB la 1992. Pamene ndikuikapo maganizo anga ndinena poyera.

Chiwalo chake

EMB 120 ndi ndege ya ku Brazil ya injini ziwiri zamapulopela, yonyamula anthu 30. Mchira wake uli ngati chilembo cha T: chipsepse choimirira, ndiye pamwamba pake penipeni pali phiko lopingasa, pafupifupi mamita 6 kuchokera pansi. Phiko limeneli ndi laling'ono koma ndilo limagwira mphuno ya ndege kuti isazyolike. Limakankhira mchira pansi, mphuno n'kukhala m'malo mwake. Likasiya kugwira, mphuno imagwa nthawi yomweyo.

Kutsogolo kwa phikoli, mbali yokumana ndi mphepo, kuli chivundikiro chobulungira chimene m'lipoti lino ndizichitcha mphumi ya phiko. Pamphumipo amamatapo labala imene amisirife timaitcha buti. Ndege ikalowa m'mitambo yozizira ayezi n'kuyamba kuundana paphiko, butiyo amaipopera mpweya, imafufuma, ayezi uja n'kusweka. Labala imafwifwa n'kutha, choncho kusintha mabuti ndi ntchito ya nthawi zonse, yosachititsa mantha makaniko aliyense. Kuti usinthe buti umachotsa mphumi yonse, kupita nayo pabenchi, kusenda labala yakale, kumata yatsopano, kenako n'kukaibwezera. Mphumiyo imagwidwa ndi mizere iwiri ya masikuluwu, wina pansi wina pamwamba.

Apa ndi pofunika kugwira. Munthu amene waima pansi akayang'ana kumchira amaona mzere wa pansi wokha. Wa pamwamba sauona ngakhale atawalitsa tochi yamphamvu bwanji. Ndipo ngati masikuluwu a pansi ali omanga, mphumiyo imakhala m'malo mwake bwinobwino, yosalendewera, yosasiya mpata woti diso liugwire.

Mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho, kampaniyi ikuyendera mabuti a ndege zake pokonzekera nyengo yozizira, insipekitala anaona kuti mabuti onse awiri a kumchira kwa ndege iyi, ya nambala N33701, afwifwa ndipo ali ndi timabowo. Analemba pa makhadi a ntchito otchedwa M-602, ndipo ntchito yosintha mabuti onse awiri inaikidwa pa usiku wa pa 10 Sepitembala. Mpaka apa mapepala anayenda bwino.

Usiku wa pa 10 Sepitembala

Ndegeyo inalowa mushedi ya kampaniyi ku Houston cha m'ma 9:30 usiku, shifiti ya madzulo itatsala pang'ono kuweruka. Ntchito ya mabutiyo inali yoti aigwire a shifiti ya usiku. Pa shifiti ya madzulo panali akapitawo awiri. Mmodzi ankayang'anira ntchito yaikulu yoyendera ndege yonse, yotchedwa C check, pa ndege ina. Winayo ndiye ankayang'anira N33701, ngati mwini wake wa ndegeyo pa shifitiyo. Kapitawo mwini ndegeyu, pofuna kupeputsira anzake a usiku, anatuma amakaniko awiri kuti akayambe kuchotsa mabuti. Unali mtima wabwino, ndipo amene anagwirapo ntchito mushedi akuudziwa: kwatsala ola, manja ali chabe, bwanji osawayambira anzathu? Koma makhadi a M-602 sanawapereke kwa amakanikowo.

Amakaniko aja anakwera pachikepe n'kuyamba kumasula masikuluwu a pansi ku phiko la kumanja. Ena anali atatha mitu, osagwira sikuludiraiva, ndipo anawachedwetsa. Insipekitala wa shifiti ya madzulo anadzipereka kuti awathandize. Anakwera pamwamba pa phiko, n'kumasula masikuluwu a pamwamba kumanja. Atamaliza anawolokera kumanzere, n'kumasulanso mzere wonse wa pamwamba kumeneko. M'maganizo mwake sankalakwitsa kanthu, popeza mbali zonse ziwiri zinali zoti zichotsedwa usiku womwewo. Masikuluwuwo anaikidwa m'kathumba, n'kusiyidwa pachikepe. A pansi kumanzere palibe anawakhudza.

Kapitawo wa shifiti ya usiku anafika msanga. Anaona amakaniko awiri ali kalikiliki kumanja, anaonanso insipekitala uja atagona pamwamba pa phiko la kumanzere. Atayang'ana kuchuluka kwa ntchito ya usikuwo anaona kuti mabuti onse awiri sangathe, ndegeyo ikufunika m'mawa. Ndiye anachita chinthu choyenera: anafunsa ngati ntchito ya kumanzere yayambika. Wofunsidwayo anali kapitawo wa C check uja, osati mwini ndegeyo amene anatuma anthu. Iyeyo anali asanamve lipoti lililonse kwa amakaniko. Anayang'ana kumchira ali pansi, n'kuyankha kuti sinayambike. Makhadi nawo, poti kumbuyo kwake kunalibe cholembedwa, anavomereza zomwezo. Kapitawo wa usiku anagamula kuti amaliza kumanja kokha, kumanzere adzachita tsiku lina, ndipo buti yatsopano ya kumanzere inabwezedwa kusitolo.

Lipoti la pakamwa linaperekedwa ndithu, koma mochedwa ndiponso kwa anthu osayenera. Mmodzi wa amakaniko a madzulo anakafotokozera kapitawo wa C check uja, iye atasiyirana kale ntchito ndi mnzake wa usiku. Kapitawoyo sanalembe pa fomu yosiyirana ntchito, sanakauze mnzake wa usiku. Anangomuuza makanikoyo kuti akafotokozere makaniko wa shifiti ya usiku. Amene anafotokozeredwayo sanaikidwe pa ndegeyi. Pambuyo pake anauza ofufuza kuti kathumba ka masikuluwu anakaona pachikepe, ndipo uthengawo anaupereka kwa mnzake wina. Mnzakeyo anati sakukumbukira kuti anauzidwa kanthu, ndipo kathumbako sanakaone.

Nanga insipekitala? Mainsipekitala anali ndi fomu yawoyawo yosiyirana ntchito. Wa usiku nayenso anafika msanga, n'kuwerenga fomuyo mnzake asanalembepo. Sanapezepo chilichonse chokhudza N33701. Wa madzulo atatsika kumchira analemba mzere umodzi, wonena kuti anathandiza amakaniko kuchotsa mabuti, n'kuweruka. Sanatchule mbali, sanatchule masikuluwu, ndipo sanalankhule ndi mnzake wolowa.

Kenako ndegeyo inakankhidwira panja kuti mushedi mulowe ina. Ntchito ya kumanja inamalizidwira kunja, mumdima, popanda nyali yolunjika kumchira. Insipekitala wa usiku anakwera pamwamba pa phiko kukathandiza kulunzanitsa mphumi ya kumanja. Anali masitepe ochepa chabe kuchokera pa mabowo 47 opanda kanthu, koma anati sanawaone, ndipo analibe chifukwa choyang'anira kumeneko. Makaniko amene anamanga kumanja anasakaniza masikuluwu akale ndi atsopano, ena n'kutsala. Sanadabwe, chifukwa ena akale anali oonongeka ndipo anali atawasintha. Khadi la kumanja linasayinidwa. La kumanzere linatsala loyera, kudikira usiku wina.

Ulendo wa m'mawa

Oyendetsa sanauzidwe kuti usikuwo kumchira kunagwiridwa ntchito, ndipo malamulo a nthawiyo sankakakamiza kuti auzidwe za ntchito ya mtundu uwu. Kuzungulira ndege ali pansi, monga amachitira asananyamuke, sikukanawaonetsa kanthu. Ndegeyo inanyamuka ku Houston cha m'ma 7 koloko, n'kukatera ku Laredo bwinobwino. Wapaulendo mmodzi anadzauza ofufuza kuti anamva kunjenjemera kumene kunkagwedeza chitini cha chakumwa chake, ndipo anangopempha kusintha mpando.

Ophunzira amakonda kufunsa kuti nanga ulendo woyambawo inapulumuka bwanji. Zili ngati lata la padenga lokhomedwa mbali imodzi: limakhala phee mpaka itabwera mphepo yoposa zinzake. Pa ulendo wobwerera ndegeyo inatsika mothamanga kuposa poyamba. Ikudutsa mafiti pafupifupi 11,500, pa liwiro la manoti 260 (pafupifupi makilomita 480 pa ola), lomwe linali lololedwa, mphamvu ya mphepo inapinda mphumi ya kumanzere n'kuizula pa masikuluwu a pansi. Phiko la kumchira linasiya kugwira, mphuno inazyolika mwadzidzidzi ndi mphamvu yoposa imene ndegeyo inapangidwira, phiko lalikulu la kumanzere linathyoka, mafuta n'kuyaka. Palibe woyendetsa amene akanaibweza.

Zimene mapepala akanachita

Buku la malamulo a kampani okonzera ndege, lovomerezedwa ndi bungwe la boma la FAA, linali ndi zonse zofunika. Linkati makaniko apatsidwe khadi asanayambe, alembe kumbuyo kwake zimene wachita ngati ntchito sinathe, apereke lipoti kwa kapitawo wake, kapitawo alembe fomu yosiyirana ntchito n'kufotokozera mnzake wolowa, mainsipekitala nawo achite chimodzimodzi. Palibe lamulo latsopano limene linkafunika kuti anthu 14 aja akafike ku Houston. NTSB inanena kuti ngoziyi inachitika chifukwa amakaniko ndi mainsipekitala sanatsate njira zovomerezeka, ndipo inawonjezera kuti akuluakulu a kampani sanaonetsetse kuti njirazo zikutsatidwa, komanso kuyendera kwa FAA sikunagwire vutoli.

Ine ndimaima kwambiri pa khadi lija. Ambirife tinazolowera kuliona ngati lisiti, chinthu chimene umalemba ukamaliza, manja utasamba, kuti a muofesi asakuvute. Ndi maganizo amenewa, kusapereka khadi kwa anthu amene akungoyambako ola limodzi kumaoneka ngati nkhani yaing'ono: adzalemba amene adzamalize. Koma khadi loyera silikhala chete. Limalankhula, ndipo limati palibe amene wakhudza pano. Kapitawo wa usiku sananyalanyaze mapepala ayi. Anawayang'ana, mapepalawo n'kumunamiza. N'chifukwa chake ndimauza amakaniko kuti nthawi yolemba ndi pamene sikuluwu yoyamba yatuluka, osati pamene yomaliza yalowa. Zimachedwetsa, inde. Kutsika pachikepe, kuvula magolovesi, kufunafuna cholembera, zonsezo n'zotopetsa kwa munthu amene maso ali pa wotchi ndipo basi ya antchito ikumudikira pageti.

Mzere wa insipekitala uja nawo ndi woti tiuyang'anitsitse, chifukwa si wabodza. Anathandizadi kuchotsa mabuti. Ndaona mizere yotere yambirimbiri m'mabuku osiyirana ntchito m'mashedi amene ndagwiramo: "ntchito ikupitirira", "tayamba kumchira", "onani pamene tasiyira". Wolembayo akufotokoza mmene iye watherera nthawi yake, pamene wowerenga akufuna kudziwa mmene ndege ilili tsopano. Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mzere wothandiza umatchula mbali, umatchula chimene chachoka, chimene chatsala, ndi kumene zochotsedwazo zili: phiko la kumanzere, masikuluwu onse a pamwamba achotsedwa, a pansi ali omanga, kathumba kali pachikepe. Kulemba zimenezi sikutha mphindi imodzi. Komabe tisadzinamize: pa usiku umenewu ngakhale mzere wabwinowo ukanapeza wowerenga wake atawerenga kale fomu n'kuchokapo. Kufika msanga, kumene tonse timakuyamikira, ndiko kunadutsitsa anthu awiri pa fomu imodzi osakumana. Fomu imafunika mwini wake aimirire pambali pake pamene mnzake akuwerenga, ndipo wotuluka asachoke mpaka wolowa atasayina kuti walandira.

Insipekitala ndi sikuludiraiva

Pa zonse zimene zinachitika, chimene chimandivuta kuphunzitsa ndi ichi, chifukwa chimatsutsana ndi ulemu umene tinakula nawo pantchito. Insipekitala amene amangoima manja m'thumba anzake akuvutika ndi sikuluwu yotha mutu amatchedwa wonyada. Amene amavula jekete n'kukwera nawo amakondedwa. Mainsipekitala onse awiri a usiku uja anali a mtundu wachiwiriwu. Wina anathandiza kumasula, wina kumanga.

Vuto lake n'lakuti insipekitala akangogwira chitsulo, pa ndegeyo sipakhalanso insipekitala. Pamatsala amakaniko atatu. Ndiponso makaniko wachitatuyo sali pansi pa kapitawo aliyense wa amakaniko, alibe khadi, ndipo lipoti lake limapita m'buku lina limene akapitawo sawerenga. Amakaniko awiri aja ankadziwa bwino zimene manja awo anachita, kumanja. Ntchito ya kumanzere inagwiridwa ndi munthu amene njira yonse yosiyirana ntchito sinkamuwerengera ngati wogwira ntchito. Inagwera pakati pa mabuku awiri. Wa usiku naye, atakwera kumchira ngati wothandiza kulunzanitsa, maso ake anali pa mabowo a kumanja kuti akumane. Akanakwera ngati woyendera ntchito, tochi m'manja, osagwira china chilichonse, mwina diso likanayenda phiko lonse. Sindinganene motsimikiza kuti akanaona. Koma ntchito yake inali imeneyo, ndipo palibe wina anaigwira m'malo mwake.

Sindikuti insipekitala asathandize konse. Pa siteshoni yaing'ono pamene pali anthu atatu okha zimenezo sizitheka. Ndikuti akathandiza, dzina lake lilowe pa khadi ngati makaniko, ndipo chidindo chake chisafike pa ntchito imeneyo.

Funso labwino kwa munthu wolakwika

Kapitawo wa usiku anaona ndi maso ake munthu atagona pa phiko la kumanzere. N'kutheka kuti n'chimene chinamuchititsa kufunsa. Yankho la mnzake linafafaniza zimene maso ake anaona, chifukwa linachokera kwa kapitawo mnzake. Koma udindo pa ndegeyo unali kwa kapitawo mmodzi, pamene funso linapita kwa wina. Amene anafunsidwa sanali mwini ndege. Mwini ndege, amene anatuma anthu, sanafunsidwe. Ndipo wofunsidwayo, m'malo monena kuti sanamve lipoti, anayang'ana kumchira n'kuyankha malinga ndi zimene ankaona ali pansi.

M'mashedi athu mawu akuti "sindikudziwa, tiyeni tikaone" amatuluka movutikira m'kamwa mwa kapitawo, makamaka pamaso pa mnzake wa shifiti ina. Amaopa kuoneka ngati sakuigwira shifiti yake. Ndiye amayankha ndi diso. Pa ntchito ya pansi pa ndege diso lingathe kukwanira. Pa mchira wa mamita 6 silikwanira, ndipo chikepe chinali pomwepo.

Chinanso chimene sichinachitike ndi kuika chizindikiro pa ndege penipenipo. Ine sindilola kuti chivundikiro chisiyidwe chitagwidwa ndi masikuluwu ochepa chikuoneka ngati chatsekedwa. Chikhale chomangidwa chonse kapena chichoke chonse. Ngati sizitheka, pamangidwe kansalu kofiira kolendewera mpaka poti munthu wa pansi akaone, ndipo kathumba ka masikuluwu kalembedwe nambala ya ndege ndi mbali yake n'kumangiriridwa pomwepo, osati pachikepe chimene wina achikankhira ku ndege ina. Masikuluwu otsala nawo ndi funso lofunika yankho. Makaniko wa usiku anali ndi chifukwa chomveka chosadabwira, popeza anatenga atsopano kusitolo. Koma akanawerenga amene anatenga ndi amene anataya, n'kufananitsa ndi otsalawo, mwina masamuwo akanamuuza kanthu. Ochepa mwa ife timawerenga.

Mkangano wa RII

M'malamulo a ku America muli ntchito zina zotchedwa RII, zimene zikalakwika zingagwetse ndege, ndipo zimafuna kuti insipekitala wovomerezeka, amene sanagwire nawo ntchitoyo, aziyendere mwapadera asanasayine. Buku la kampaniyi linaika mapiko a kumchira pa mndandanda umenewu. Koma akuluakulu ake ankati kusintha buti sikulowa m'gululi, poti mphumi si chiwalo chonyamula katundu wa phiko. NTSB inatsutsa: kuti usinthe buti umachotsa mphumi, ndipo ngoziyi inaonetsa poyera chimene chimachitika mphumi ikachoka.

Ndikugwirizana ndi NTSB kuti ntchitoyi inayenera kukhala RII. Koma sindikhulupirira kuti zimenezo pazokha zikanapulumutsa ndegeyi. Kuyendera kwapadera kumatsata khadi, ndipo khadi limene linatsekedwa usikuwo linali la kumanja. Insipekitala wokhulupirika akanayendera kumanja mosamala, n'kupeza zonse zili bwino, n'kudinda. Kumanzere, malinga ndi mapepala onse, kunalibe ntchito yoti aiyendere. Phindu lake lenileni likanakhala lina: ntchito ya RII anthu amaiopa, saiyamba popanda khadi, ndipo insipekitala amadziwa kuti akaigwira ndi manja sangaidindenso. Mwina mantha amenewo akanamusunga pansi.

Zimene John Lauber anakana kusayina

Mmodzi wa mamembala a NTSB, Dr. John Lauber, sanagwirizane ndi anzake pa mmene anandandalikira zifukwa. Iye analemba padera kuti choyambitsa chenicheni chinali kulephera kwa akuluakulu a kampani kukhazikitsa chikhalidwe cha pantchito cholimbikitsa ndi kukakamiza kutsata njira zovomerezeka, ndipo kulakwa kwa amisiri kunali chipatso chake. Mfundo yake inali yakuti anthu ochuluka chotere, amaudindo osiyanasiyana, pa mashifiti awiri, sangaphonye malamulo usiku umodzi mwangozi. Ngati onse anachita zofanana, ndiye kuti ndi mmene ankachitira masiku onse.

Pamenepa ndili kumbali ya Lauber, ngakhale ndimachenjera ndi mmene mawu ake amagwiritsidwira ntchito masiku ano. Nkhani ya chikhalidwe cha pantchito yasanduka mapositala a pakhoma, ndipo nthawi zina imakhala pobisalira: cholakwa chikakhala cha chikhalidwe, sichikhalanso cha munthu aliyense. Chimene Lauber ankaloza n'chogwirika kuposa pamenepo. Ndani anakonza nthawi ya mashifiti mosasiya mpata woti otuluka ndi olowa akhale pamodzi? Ndani ankaona mafomu osiyirana ntchito akubwera opanda kanthu mwezi ndi mwezi osafunsa? Ndani anaika ntchito ya mabuti awiri pa ndege yofunika 7 koloko m'mawa, m'shedi yosakwana ndege zonse? Makaniko sasankha zimenezi. Amangophunzira msanga kuti chimene bwana amafunsa m'mawa n'chakuti ndege yatuluka kapena ayi, ndipo za khadi amafunsidwa pokhapokha a FAA akamabwera. Oyendera a boma nawonso kawirikawiri amabwera masana n'kuwerenga makhadi otsekedwa, amene amakhala aukhondo nthawi zonse. Khadi limene silinaperekedwe 9:30 usiku silioneka m'faelo iliyonse.

Si ku America kokha. Mu Ogasiti 1993 ndege ya Airbus A320 ya kampani ya Excalibur inanyamuka ku Gatwick ku England itangosinthidwa flap (chiwalo chosuntha cha kumbuyo kwa phiko), ntchito imene inadutsa m'manja mwa mashifiti angapo. Ma spoiler ena a phiko la kumanja, timabolodi timene timatukuka pamwamba pa phiko, anasiyidwa mmene amaikidwira pokonza, ndipo ndegeyo inkapendekera kumanja mpaka oyendetsa anakatera movutikira pa bwalo la Stansted. Kumeneko palibe anafa, koma ofufuza a ku Britain anapezanso kusiyirana ntchito kwa pakamwa ndi mapepala osakwanira. M'chaka chomwecho Gordon Dupont wa ku Transport Canada, bungwe la boma la Canada loona za mayendedwe, anakonza mndandanda wa zinthu 12 zimene zimalakwitsa amisiri a ndege, umene ambirife tinauphunzira m'kalasi, ndipo kusauzana bwino kuli pa mndandandawo.

Za oyendetsa

NTSB inapempha FAA kuti iwonjezere kuyendera kampaniyi, komanso kuti ifufuze njira yodziwitsira oyendetsa za ntchito imene yangogwiridwa pa ndege yawo, kuti pozungulira ndege aziyang'anitsitsa malo amenewo. Pempho lachiwirili ndi labwino, ndipo ine ndimaonetsetsa kuti kapiteni wa ulendo woyamba wauzidwa pakamwa ngati usiku tinatsegula chiwalo chowongolera ndege, ngakhale buku lisakufuna. Koma pa N33701 phindu lake likanakhala lochepa. Kapiteni akanauzidwa kuti kumanja kwasinthidwa buti, chifukwa ndi zokhazo zimene shifiti ya usiku inkadziwa. Akanaima pansi pa mchira, kuyang'ana m'mwamba, n'kuona mizere iwiri ya masikuluwu a pansi, kumanja ndi kumanzere, yonse yokwanira. Kuti aone pamwamba akanafunika kuitanitsa chikepe pabwalo, apaulendo akudikira, pofuna kuyang'ana mbali imene aliyense akumuuza kuti sinakhudzidwe.

Pa ndege za mchira wa T zimene ndimayang'anira, ntchito iliyonse ya kumchira imatsekedwa ndi mzere wina wapadera pa khadi: munthu amene sanagwire nawo akwere, ayende phiko lonse mbali zonse ziwiri ndi nyali yokwanira, ngakhale ntchito inali ya mbali imodzi, ndipo alembe kuti wayang'ana pamwamba. Ngati ndege yatulutsidwa panja, nyali imatuluka nayo. Zimawonjezera mphindi zingapo, ndipo a ofesi yokonza maulendo amadandaula nazo pafupifupi sabata iliyonse.